Tambala kapena msoti? Zimene nthenga za anapiye zimaulula ndi zimene zimabisa

Masiku 21 akakwana, thadzi limene linadzitsekera pachisa limatuluka anapiye ali pambuyo. Mmodzi wachikasu, awiri akuda bii, ena amizeremizere kumsana, wina wopanda ubweya m'khosi. Ana amathamangira kukawerenga n'kuyamba kulimbirana kuti uyu ndi wanga. Mwini nkhuku, amene m'makomo ambiri amakhala mayi wapakhomopo, amawerenga mwa mtundu wina. Iye akufuna kudziwa kuti pa anapiye khumiwo misoti ndi ingati, atambala ndi angati.

Funsoli lili ndi ndalama mkati. Msoti ndiwo tsogolo la khola: udzaikira, udzafungatira, udzalera anapiye ena. Tambala ndiye amagulitsidwa mwana akasowa makope, ndiye amaphedwa mlendo akafika, ndiye amapita kwa amfumu mlandu ukagwa, ndipo pachinkhoswe amakhalapo pamodzi ndi msoti. Onse ndi ofunika, koma osati mofanana. Atambala akachuluka pakhomo pamakhala ndewu, mathadzi amasowa mtendere, madeya amatha msanga. Paja akale anati atambala awiri salira m'khola limodzi. Kwa woweta wa m'tauni amene amagula chakudya cha m'matumba nkhaniyi imapweteka kwambiri, chifukwa munthu wofuna mazira akalera atambala miyezi inayi osadziwa, ndalama yakeyo siidzabwerera.

Njira zodziwira zilipo, zoona ndi zabodza zomwe. Chimene chimazilekanitsa n'chimodzi: kudziwa makolo a mwanapiyeyo. Maonekedwe a nthenga amanena zoona tsiku loyamba pokhapokha ngati munthu anasankha dala tambala ndi thadzi zimene zinabereka. Pamene nkhuku zimangokwerana pabwalo mmene zafunira, nthenga za tsiku loyamba sizilonjeza kanthu, ndipo woweta ayenera kudalira diso lake ndi kudikira.

Nkhani imathera m'thupi mwa thadzi

Kwa anthu, mbewu ya bambo ndiyo imachititsa kuti mwana akhale wamwamuna kapena wamkazi. Kwa mbalame zinthu zinatembenuka. M'maselo a nkhuku muli timitolo ta malangizo a chibadwa timene asayansi amati ma chromosome, ndipo tiwiri mwa timeneti ndi timene timasiyanitsa tambala ndi thadzi. Tambala ali ndi tiwiri tofanana, ZZ. Thadzi lili ndi tosiyana, ZW. Tambala amapereka Z kwa mwanapiye aliyense, alibe china choti apereke. Thadzi limaika Z m'dzira ili, W m'dzira linalo. Dzira lolandira Z kwa make limaswa tambala, lolandira W limaswa msoti.

Ndiye kuti nkhani imakhala itatha kale dzira lisanavale chikamba, thadzi lisanatetere n'komwe. Palibe chimene woweta angachite pachisa kuti asinthe zimenezi. Ng'ona za mu Shire ndizo zimadalira kutentha kwa mchenga umene mazira akwiriridwa kuti ana akhale aamuna kapena aakazi. Nkhuku ayi. Chisa chikatentha kapena kuzizira mopitirira, mazira amangofa.

Mazira akakhala ambirimbiri, atambala ndi misoti amatuluka pafupifupi theka ndi theka. Koma pa mazira khumi okha pangathe kutuluka atambala 7 ndi misoti itatu, monga mmene banja lina limabalira ana aamuna otsatizana popanda chifukwa chapadera. Tambala wapakhomo amene amaphedwa pomuganizira kuti amabereka atambala okhaokha amafa wosalakwa, pakuti pa nkhaniyi iye alibe mawu.

Pali mfundo ina imene njira zonse zoyang'ana nthenga zinamangidwapo. Z ndi wamkulu ndipo amanyamula malangizo ena a mtundu wa nthenga ndi liwiro la kameredwe kake. W ndi wamng'ono, sanyamula malangizo amenewa. Msoti uli ndi Z mmodzi yekha, wochokera kwa atate ake. Choncho pa zinthu zimene zili pa Z, msoti umatengera atate okha, pamene tambala amatengera mbali zonse ziwiri. Woweta amene wagwira mfundo imeneyi wagwira chinsinsi chonse cha malo oswetsera mazira.

Dzira losongoka ndi singano ya pa ulusi

Mudzi uliwonse uli ndi katswiri wake. Wina amati dzira losongoka ndi la tambala, lobulungira ndi la msoti. Mkangano umenewu ndi wakale kuposa mmene ambiri amaganizira. Aristotle wa ku Greece, zaka zoposa 2,300 zapitazo, analemba kuti mazira aatali osongoka amaswa zazikazi. Columella wa ku Roma, amene analemba za ulimi patapita zaka mazana angapo, analangiza zotsutsana ndi zimenezi. Onse awiri anali anthu anzeru, ndipo onse awiri anaphonya. Kaumbidwe ka dzira kamatsatira njira ya dzira ya thadzi limene laikira. N'chifukwa chake mayi amene amadziwa nkhuku zake amatha kutola dzira n'kunena kuti ili ndi la yakuda ija, chifukwa thadzi lililonse limaikira mazira ofanana nthawi zonse, kaya muli tambala kaya msoti.

Ena amagwira mwanapiye miyendo n'kumuzondotsa, amati akapinda khosi kuti adzuke ndi tambala, akangoti lende ndi msoti. Ena amamunyamula pakhungu la kukhosi n'kuyang'ana ngati miyendo waipinda. Ena amalendeweza singano pa ulusi pamwamba pake kuti aone ngati ikuzungulira. Njira zonsezi zimalondola theka la nthawi, chifukwa mayankho alipo awiri okha. Chimene chimazisunga ndi chikumbumtima cha anthu: tikalasa timauza mudzi wonse, tikaphonya timaiwala.

Singano ilibe vuto, imangotaya nthawi. Koma kuzondotsa ndi kukoka khosi n'koopsa. Mwanapiye wa masiku ochepa mafupa ake ndi anthete, ndipo akazondotsedwa amavutika kupuma. Si bwino kuika moyo wake pachiswe pofuna yankho limene silodalirika n'komwe.

Mmene amadziwira kumalo oswetsera mazira

Makampani oswetsa mazira ndi makina amasiyanitsa anapiye tsiku lomwelo, ndipo njira zawo zikuluzikulu ndi zitatu.

Yoyamba inachokera ku Japan. M'zaka za m'ma 1920, Kiyoshi Masui ndi Juro Hashimoto pamodzi ndi anzawo anapeza kuti mkati mwa kotulukira chitosi muli kakachotupa kakang'ono kwambiri kamene kamaoneka mosiyana kwa tambala ndi kwa msoti. Njirayi inalengezedwa pamsonkhano wa dziko lonse wa za nkhuku ku Ottawa mu 1927, ndipo ku Nagoya kunatsegulidwa sukulu yophunzitsa luso limeneli. Ophunzira ake anafalikira ku Ulaya ndi ku America, akusiyanitsa anapiye mazanamazana pa ola limodzi. Koma luso limeneli limatenga nthawi yaitali kuliphunzira, ndipo limafuna kufinya mwanapiye mwa njira yake. Munthu wosaphunzira akayesa amangovulaza matumbo. Iyi si njira ya pakhomo.

Yachiwiri ndi ya phiko. Ukatambasula phiko la mwanapiye wa tsiku limodzi kapena awiri, kunsonga kumaoneka mizere iwiri ya tinthenga tongophuka kumene. Mizereyo ikakhala yosiyana, wina wautali wina waufupi, ndi msoti. Ikakhala yofanana, ndi tambala. Njirayi yafala kwambiri m'mavidiyo a pa WhatsApp ndi Facebook, koma mavidiyowo amasiya mfundo yaikulu. Imagwira ntchito pokhapokha ngati atate anali a mtundu womera nthenga msanga ndipo make anali wa mtundu womera mochedwa. Misoti imatengera liwiro la atate, atambala amatengera kuchedwa kwa make. Popanda makolo osankhidwa motero, phiko silinena kanthu.

Yachitatu ndi ya mtundu wa ubweya. Pa Z pali malangizo osiyanitsa kufiira ndi kuyera kwasiliva, ndipo siliva amaphimba kufiira. Tambala wofiira wa Rhode Island Red akakwera thadzi lasiliva monga Light Sussex, misoti yonse imatuluka yofiirira ngati atate, atambala onse amatuluka otuwa chachikasu chifukwa alandira siliva wa make. Nkhuku zofiira zoikira mazira, monga Hy-Line Brown, Lohmann Brown ndi ISA Brown, zimasiyanitsidwa motere. Chimodzimodzi ndi mizere yoyera ndi yakuda ya nkhuku ya Barred Plymouth Rock, imenenso ili pa Z. Tambala wopanda mizere akakwera thadzi lamizere, anapiye onse amatuluka akuda, koma amene ali ndi kadontho koyera pamutu ndi atambala.

Pali malamulo awiri amene sasintha. Mukatembenuza makolo, tambala kukhala wasiliva kapena wamizere ndipo thadzi lofiira, anapiye onse amafanana. Ndiponso anapiye obadwa mwa njirayi akakula n'kukweranso okhaokha, ana awo satsatira lamulo lija. Vuto lachiwirili ndi limene Reginald Punnett ndi Michael Pease a ku Cambridge analimbana nalo, mpaka mu 1929 anatulutsa mtundu wa Cambar, kenako Legbar, mitundu imene anapiye ake amasiyanitsika ndi maso mbadwo uliwonse.

Kudziwa msanga kuli ndi mbali yake yowawa. M'mayiko ambiri atambala a nkhuku za mazira amaphedwa tsiku lomwe aswedwa, chifukwa saikira ndipo sanenepa msanga. Dziko la Germany linaletsa mchitidwewu kuyambira mu Januwale 2022, ndipo makampani akumeneko anayamba kugwiritsa ntchito makina oyeza dzira lisanaswe. Kuno kwathu atambala oterewa akhoza kuleredwa n'kukhala ndiwo. Palibe cholakwika, bola wogula adziwe chimene akugula.

Nkhuku za m'mudzi zili ndi malamulo awo

Tsono tibwere pabwalo pathu. Anthu a kumudzi anazipatsa kale mayina nkhuku zawo malinga ndi maonekedwe, ngakhale kuti mayinawo amasiyana dera ndi dera. Pali yakuda, yoyera, yofiira, yamawanga. Pali chiphulutsa, yotuwa ngati phulusa. Pali kameta, yopanda nthenga m'khosi, ndi kansilanga, ya nthenga zopindikira kunja. Pali yatsumba, pali kachibudu yopanda mchira, pali simboti ya miyendo yaifupi. Zonsezi kholo lake ndi limodzi, nkhuku yakutchire yofiira ya kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, imene tambala wake ndi wonyezimira ndipo thadzi lake ndi lotuwa ngati masamba ouma kuti lisaoneke likamafungatira pansi.

Pa chibadwa chakalechi panadzawonjezeka magazi ena. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, boma lakhala likufalitsa nkhuku zakuda za Black Australorp, zochokera ku Australia, kuti zikweze thupi ndi mazira a nkhuku za m'mudzi. Anthu anangozitcha za Mikolongwe, potengera famu ya boma ya ku Chiradzulu kumene zinkaswetsedwa. Zaka zaposachedwa kwabweranso Kuroiler za ku India ndi Boschveld za ku South Africa, osaiwala nkhuku zofiira zotha kuikira zimene anthu amagula kumafamu n'kukazisiya pabwalo. Nkhuku ya m'mudzi ya lero imanyamula mbiri yonseyi m'nthenga zake.

Kuwonjezera apo, thadzi limasunga mbewu ya tambala m'thupi kwa masabata awiri kapena kuposa, ndipo pa nthawi imeneyo limakumana ndi tambala wapakhomo, wa kwa aneba ndi wa kuseri kwa dimba. Mathadzi awiri kapena atatu amathanso kuikira pachisa chimodzi. Ndiye anapiye khumi oyenda pambuyo pa thadzi limodzi angakhale ndi atate atatu ndi amayi awiri. Pamenepa kunena kuti wofiirira ndi msoti, wotuwa ndi tambala, ndi kulosera basi.

Komabe woweta wapakhomo akhoza kupanga yekha anapiye odziwika tsiku loyamba. Pezani thadzi la mizere yoyera ndi yakuda yodutsa chopingasa pa nthenga iliyonse, osati la madontho. Pezaninso tambala wakuda wa Mikolongwe kapena wofiira wopanda mzere uliwonse. Woyera ayi, chifukwa kuyera kumatha kubisa mizere. Atsekereni pawokha, ndipo mazira a masabata atatu oyamba muwadye, kuti mbewu ya atambala ena ithe. Mazira otsatirawo akaswa, anapiye a kadontho koyera pamutu ndi atambala, a mutu wakuda ndi misoti. Sipafunika makina kapena ndalama. Pafunika khola lotsekeka bwino ndi kuleza mtima.

Ubweya wa lero si nthenga za mawa

Mitundu yonse ya nthenga za nkhuku imachokera ku utoto uwiri wokha umene thupi limapanga: wakuda ndi wofiira. Kutuwa ndi wakuda wosungunuka, chikasu ndi wofiira wosungunuka, kuyera ndi kusowa kwa utoto. Mawanga, mizere ndi madontho zimabwera chifukwa cha malangizo amene amauza utotowo pamene ukhale ndi pamene usafike.

Ubweya umene mwanapiye amaswedwa nawo umangolozera, sumaliza nkhani. Mwanapiye wa Mikolongwe amakhala wakuda kumsana koma woyera pamimba ndi pakhosi, ndipo nthenga zoyamba za m'mapiko zimatha kukhala ndi nsonga zoyera. Ogula ena amaganiza kuti awapusitsa. Koma kuyerako kumatha, ndipo nkhukuyo ikakula imada yonse, n'kumanyezimira chobiriwira padzuwa. Mwanapiye wachikasu akhoza kudzakhala woyera mbee, wofiirira pang'ono, kapena woyera wa khosi ndi mchira wakuda. Wamizeremizere kumsana, amene amafanana kwambiri ndi kholo lakutchire lija, akakhala msoti amadzakhala wakhofi wotuwa, akakhala tambala amadzakhala wofiira pakhosi ndi pamapewa, wakuda pachifuwa ndi kumchira. Nkhuku imasintha nthenga kangapo isanafike pa zaukulu, choncho maonekedwe ake enieni amakhazikika cha m'mwezi wachinayi kapena wachisanu.

Kuyera kuli mitundu iwiri. Pali kuyera kwamphamvu, monga kwa White Leghorn, kumene kumaphimba wakuda ngakhale kutachokera kwa kholo limodzi. Palinso kuyera kobisala, kumene kumaoneka pokhapokha mwanapiye akakulandira kwa makolo onse awiri. N'chifukwa chake tambala wofiira ndi thadzi lakuda nthawi zina zimabereka mwanapiye woyera, anthu n'kumadabwa kuti wachokera kuti. Anachokera kwa agogo ake.

Kutuwa kwa phulusa nakonso kuli ndi masamu ake. Kawirikawiri kumabwera pamene nkhuku yakuda yalandira malangizo osungunula utoto kwa kholo limodzi lokha. Nkhuku ziwiri zotere zikakwerana, pa anapiye anayi alionse mmodzi amakhala wakuda, awiri otuwa, mmodzi woyera wa mathothomathotho. Wofuna khola la chiphulutsa chokhachokha sangalipeze pokweretsa zotuwa zokhazokha.

Kameta amadziwika tsiku lomwelo chifukwa khosi limaswedwa lili lambulanda, ndipo kansilanga amadziwika nthenga za m'mapiko zikangoyamba kupindika. Zonsezi sizili pa Z, choncho sizinena ngati mwanapiye ndi tambala kapena msoti. Koma zili ndi phindu lake. Nkhuku ya kameta ili ndi nthenga zochepa thupi lonse, motero imapirira kutentha kwa ku Nsanje, ku Chikwawa ndi m'mphepete mwa nyanja kuposa zinzake. Kansilanga ziwiri siziyenera kukwerana, chifukwa ena mwa ana ake amatuluka ndi nthenga zothyokathyoka zimene sizitchinga mphepo kapena mvula.

Diso la woweta, sabata ndi sabata

Njira imene imagwira ntchito pa nkhuku iliyonse, ya m'mudzi kaya yachizungu, ndi kuyerekeza anapiye a msinkhu umodzi pamene akukula. Mwanapiye mmodzi payekha amasokoneza. Akaima pamodzi ndi abale ake, kusiyana kumaonekera.

M'masabata awiri oyamba palibe chodalirika. Mwa nkhuku zina misoti imafulumira kumera mchira ndi mapiko pamene atambala amakhala ndi msana wadazi kwa nthawi yaitali. Ichi n'chongokupatsani maganizo, si chogulitsira nkhuku.

Kuyambira sabata lachitatu mpaka la 6, yang'anani pamutu. Lipombo la tambala limayamba kukula ndi kufiira, ndipo tinyama tiwiri ta pansi pa mlomo timayamba kulendewera. La msoti limakhala laling'ono, lachikasu kapena lotuwa, ndipo limakhala choncho mpaka msotiwo utayandikira kuikira. Lamulo lake ndi ili: kufiira kofulumira ndi kwa tambala. Msoti wa m'mudzi umafiira nkhope cha pa miyezi 5 kapena 6, osati pa masabata 6. Chenjerani ndi nkhuku za lipombo lophwatalala kapena la timizere titatu, chifukwa limachedwa kudziwika, ndiponso yatsumba imene nthenga zimaphimba pamutu. Pa zoterezi utoto wa lipombo ndi wofunika kuposa kukula kwake.

Nthawi yomweyo yang'anani miyendo. Ya tambala imakhala yonenepa ndi yaitali, zala zazikulu, ndipo iye amaima chowongoka, khosi m'mwamba. Atambala aang'ono amakonda kugundana zifuwa ndi kuimitsa nthenga za m'khosi, ngakhale kuti misoti ina yolusa imachitanso chimodzimodzi.

Pa masabata 8 mpaka 12, nkhuku zamitundumitundu zimayamba kuulula pamapewa. Mukaona zigamba zofiira kwambiri, zonyezimira, zikutuluka pamwamba pa mapiko, ameneyo ndi tambala. Nthenga za msoti zimakhala za maonekedwe ofanana thupi lonse, za tambala zimakhala za zigambazigamba.

Umboni wodalirika kwambiri umabwera pakati pa masabata 12 ndi 16. Gwirani nkhuku, tsegulani nthenga za pamsana, pafupi ndi pamene mchira umayambira. Za tambala zimakhala zazitali, zopyapyala, zosongoka ndi zonyezimira, ndipo zimayamba kugwera m'mbali. Za msoti zimakhala zazifupi, zobulungira kunsonga. Za m'khosi nazonso zimasiyana chimodzimodzi. Mukalowetsa kapepala koyera pansi pa nthengazo, mapeto ake amaoneka bwino. Kenako mchira wa tambala umatulutsa nthenga zazitali zopindika, ndipo cha m'mwezi wachinayi kapena wachisanu amayamba kuyesa kulira ndi mawu osasa. Nsonga ya kumwendo imene amamenyera nkhondo imachedwa kukula, ndipo mathadzi ena amakhala nayo, choncho musaidalire.

Chizindikiro chimodzi chikhoza kunama. Zitatu zikagwirizana, lipombo, miyendo ndi nthenga za pamsana, simungaphonye.

Thadzi likalira ngati tambala

M'midzi yambiri thadzi likalira kokoliko anthu amati ndi malodza, ndipo limaphedwa tsiku lomwelo. Zimachitikadi, ndipo chifukwa chake chimadziwika. Thadzi lili ndi chiwalo chimodzi chokha chopangira mazira chimene chimagwira ntchito, cha kumanzere. Chiwalo chimenechi ndicho chimatulutsa michere ya m'thupi imene imasunga maonekedwe achikazi. Chikawonongeka ndi matenda kapena ukalamba, cha kumanja chimene chinagona chimadzuka n'kuyamba kutulutsa michere yachimuna. Thadzi limasiya kuikira, lipombo limakula, ndipo likathothoka nthenga zatsopano zimamera zosongoka ngati za tambala. Nthawi zinanso, pakhomo popanda tambala, thadzi lolamulira limayamba kulira popanda kudwala kulikonse. Kulipha kuti likhale ndiwo n'zomveka ngati lasiya kuikira. Koma palibe chifukwa chogonera ndi mantha kapena kuganizira aneba zoipa.

Pamsika ndi pakhomo

Wogulitsa anapiye m'katoni akamati, "Tengani mayi, awatu ndi misoti yokhayokha," funsani mafunso atatu. Ndi mtundu wanji? Aswetsedwa kuti? Alandira katemera wanji? Ngati akuti ndi nkhuku zofiira za mazira koma anapiyewo ndi otuwa chachikasu ndipo mtengo wake ndi wotsika modabwitsa, dziwani kuti mwina mukugula atambala. Ngati ndi a m'mudzi kapena osakanizika ndipo ali ndi masiku ochepa, wogulitsayo sakudziwa chimene akunena, ngakhale atalumbira. Wofuna misoti yotsimikizika agule nkhuku za masabata 8 kapena kuposa. Adzalipira zambiri, koma adzadziwa chimene wanyamula.

Pakhomo, mangani ulusi wamitundu kumwendo kwa anapiye amene mukuwaganizira kuti ndi atambala, n'kumaumasula akamakula kuti usadule mwendo. Pakapita miyezi itatu onani amene munalasa ndi amene munaphonya. Mukatero pa mathadzi angapo, diso lanu lidzazolowera nkhuku za pakhomo panu, ndipo luso limenelo palibe buku limene lingakupatseni. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kudikirako kuli ndi phindu ngati anapiye ali moyo. Ambiri amatha m'masabata oyamba ndi kabawi, khwangwala, mphepo ndi chitopa, asanadziwike n'komwe kuti anali ndani. Kuwatsekera ndi make masabata oyamba, kuwapatsa madeya, chiswe ndi madzi oyera, ndi kuwadontheza katemera wa chitopa wa I-2 m'maso malinga ndi malangizo a alangizi a ziweto, ndiko kumene kumakupatsani misoti yambiri kuposa njira ina iliyonse.

Atambala akadziwika, sankhani mmodzi pa mathadzi pafupifupi khumi, wathanzi, wa miyendo yolimba, wochokera kwa thadzi loikira bwino ndi lolera bwino. Enawo anenepe, apite kumsika. Chaka chikatha sinthanitsani tambala ndi wa kumudzi wina kuti nkhuku zisamakwerane pachibale. Ndipo posankhapo musathamangire kumaliza kameta, chiphulutsa ndi yamawanga pofuna kuti khola lonse lifanane ndi la pafamu. Nkhuku zimenezi zinapulumuka chilala, matenda ndi zilombo kwa mibadwo yambiri popanda wozigulira chakudya, ndipo zimadziwa kufungatira ndi kuteteza ana, zimene nkhuku zambiri zapafamu zinataya. Chimene zakhala zikusowa ndi munthu woti adziwe kuti mwanapiye uyu atate ake ndi awa, make ndi uyu. Woweta amene wayamba kudziwa zimenezi wasiya kulosera, tsopano akusankha, ndipo khola lake chaka chamawa lidzakhala labwino kuposa la chaka chino.